Masamba a mchezo ngati mthandizi wa aphunzitsi pa zipangizo zamakono m'kalasi: mafunso ndi mayankho

Sukulu zambiri padziko lapansi zinalandirapo makompyuta, matabuleti kapena projekitala, koma pakatha chaka mumapeza zina zili m'kabati, zitafunditsidwa nsalu, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Kawirikawiri si ulesi wa aphunzitsi. Chimene chimasowa ndi munthu womufunsa pa nthawi imene funso labwera. M'munsimu muli mafunso amene aphunzitsi anzanga amandifunsa tikamakamba zothandizana kudzera pa masamba a mchezo. Ena ndayankha mwachidule, ena ndatalikitsa chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Masamba a mchezo si ochezerapo chabe? Akukhudzana bwanji ndi ntchito ya m'kalasi?

Ambirife tinalowako kuti tiziona zithunzi za abale ndi kumva zimene zachitika, n'zoona. Koma aphunzitsi anayamba kale kuwasandutsa malo okumanirana pa ntchito. Mu 2007 Steve Hargadon anatsegula gulu la aphunzitsi lotchedwa Classroom 2.0 pa tsamba la Ning, kumene aphunzitsi ankafunsana za zipangizo za pa intaneti. Mu 2009 Tom Whitby, Steven Anderson ndi Shelly Terrell anayambitsa zokambirana za aphunzitsi zotchedwa #edchat pa Twitter. Lachiwiri lililonse ankatenga mutu umodzi wa zamaphunziro, aphunzitsi a m'mayiko osiyanasiyana n'kumaukambirana kwa ola lathunthu, aliyense ali kwawo.

Chimene chinatsegula maso a anthu ambiri ndi mliri wa COVID-19. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa, ophunzira oposa 1.5 biliyoni anakhala pakhomo. Panalibe boma limene likanatha kuphunzitsa aphunzitsi ake onse njira zatsopano m'milungu iwiri. Aphunzitsi anaphunzitsana okha: uyu kusonyeza mnzake mmene angajambulire mawu a phunziro pa foni, uyo kufotokoza mmene angachepetsere vidiyo kuti itumizike. Zambiri mwa izi zinachitikira m'magulu a WhatsApp, Facebook ndi Telegram.

Tinapita kale ku wekishopu ya makompyuta. Kodi imeneyo siyokwanira?

Wekishopu ili ndi ntchito yake ndipo sindikuinyoza. Vuto lake ndi nthawi. Mumaphunzira masiku atatu m'chipinda chimene magetsi alipo, intaneti ikuthamanga, wophunzitsa ali pambali panu. Funso lenileni limabwera patapita mwezi ndi theka, usiku, mukukonza phunziro la mawa. Projekitala ikungoonetsa theka la sikirini, kapena vidiyo imene munasunga ikukana kutseguka pa kompyuta ya sukulu. Wophunzitsa uja anapita kalekale. Ngati palibe womufunsa, m'mawa mumatenga choko n'kupita pabolodi, ndipo palibe amene angakuimbeni mlandu. Zikachitika katatu, chipangizo chija chimabwerera m'kabati osatulukanso.

Mu 1999 Peggy Ertmer wa ku Purdue University ku America anagawa zopinga za aphunzitsi m'magulu awiri. Loyamba ndi la zakunja: kusowa zipangizo, magetsi, intaneti, nthawi ndi wokonza zikawonongeka. Lachiwiri ndi la zamkati mwa mphunzitsi: zimene amakhulupirira za mmene ana amaphunzirira, zimene anazolowera, komanso mantha oti achita manyazi pamaso pa ophunzira amene mwina foni amaidziwa kuposa iye. Zakunjazo ndalama zimatha kuzichotsa. Zamkatizi sizigulidwa. Ine ndaona kuti chimene chimazisuntha ndi kuona mphunzitsi mnzako, wa phunziro lomwelo, wa kalasi yodzaza ngati yakoyo, akuchita chinthucho n'kunena poyera kuti "ulendo woyamba zinandikanika, ndinakonza apa ndi apa." Mawu amenewa samveka kawirikawiri kwa katswiri woimirira kutsogolo. Amamveka pagulu la anthu ofanana.

Ndiye gulu sililowa m'malo mwa wekishopu. Limaipatsa moyo pa miyezi yonse imene imatsatira.

Ndiyambire tsamba liti?

Yambani pamene muli kale. Ngati mumatsegula WhatsApp tsiku ndi tsiku, musadzivutitse kutsegula akaunti ina imene mudzaiwala pasiwedi yake sabata yamawa.

WhatsApp ndi yabwino pa funso lofuna yankho lero lomwe, ndipo imagwira ngakhale netiweki ili yofooka. Gulu limatenga anthu mpaka 1,024, koma ubwino wake umaoneka akakhala ochepa, odziwana. Kuipa kwake n'koti zinthu zabwino zimakwiririka msanga, wolowa kumene saona zonse zimene zinakambidwa kale, ndipo nambala yanu imaonekera kwa anthu a pagulupo. Telegram imalola magulu a anthu mpaka 200,000 komanso mafayilo aakulu mpaka 2 GB, choncho imayenera kusungirako mabuku ndi mavidiyo. Magulu a Facebook amathandiza chifukwa funso lililonse limakhala ndi mayankho ake pansi pake, ndipo mukhoza kufufuza zimene zinafunsidwa zaka zapitazo. YouTube ndi ya "ndionetseni ndione". X, imene inali Twitter mpaka 2023, ndi LinkedIn ndi zabwino pomva zimene ofufuza ndi opanga mapulogalamu akunena, ngakhale kuti kumeneko anthu amakonda kuonetsa zimene zawayendera bwino zokha.

Chenjezo limodzi: tsamba si lanu. Edmodo, tsamba la mchezo la zamaphunziro, imene inayamba mu 2008 ndipo inapangidwira aphunzitsi enieni, inatsekedwa mu September 2022. Google+, tsamba la mchezo la kampani ya Google, inatsekedwa mu 2019. Amene anasunga ntchito yawo yonse kumeneko anavutika. Chilichonse chamtengo wapatali chimene mwapeza pagulu, chisungeninso pa kompyuta kapena pa fulashi yanu, ndipo anzanu awiri kapena atatu odalirika mukhale ndi njira ina yowapezera.

Pasukulu pathu pali aphunzitsi anzanga. Anthu osawadziwa ndiwafuniranji?

Anzanu a pasukulu ndi ofunika kuposa wina aliyense, chifukwa ndi amene akudziwa ana anu, soketi imene imagwira ndi imene inapsa. Koma taganizirani mphunzitsi wa Fizikisi amene ali yekha pasukulu yonse, kapena wophunzitsa ana osaona bwino. Afunsa ndani? Komanso anthu amene mumakhala nawo tsiku lililonse kawirikawiri amadziwa zimene inunso mukudziwa. Munapita ku wekishopu imodzi, mumagwiritsa ntchito buku limodzi.

Mu 1973 Mark Granovetter, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anafotokoza zimene anapeza pofufuza mmene anthu amapezera ntchito: ambiri anamva za mwayi kwa anthu ongodziwana nawo patali, osati kwa anzawo apamtima. Chifukwa chake n'choti munthu wapatali amayenda m'malo amene inu simufikako. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mphunzitsi wa dziko lina, amene simudzakumana naye, akhoza kukuuzani m'mizere itatu za pulogalamu yaulere yojambulira magirafu imene pasukulu panu palibe anaimvapo.

Nzeru yake ndi kukhala ndi zonse ziwiri: gulu lalikulu lotungako zatsopano, ndi kagulu kakang'ono koyeserako ndi kuuzana zoona.

Ine ndimangowerenga, sindilembapo kanthu. Kodi ndikulakwa?

Ayi. Mu 2006 Jakob Nielsen anafotokoza kuti m'magulu ambiri a pa intaneti, mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi ndi amene amalemba zambiri. Muli pagulu la ochuluka.

Ndipo kuonerera n'kuphunziranso. Jean Lave ndi Etienne Wenger mu 1991 analemba za mmene anthu amaphunzirira ntchito pakati pa oidziwa kale. Chimodzi mwa zitsanzo zawo chinali cha ophunzira utelala ku Liberia. Wophunzira sayamba ndi kudula nsalu. Amayamba ndi kusita, kusoka mabatani ndi kupinda m'mphepete, uku akuona mmene chovala chonse chimapangidwira, ndipo lumo amadzaligwira pambuyo. Pagulu la aphunzitsi zimayendanso choncho. Mwezi woyamba mumaona mmene anthu amafunsirana, n'kuzindikira amene mayankho awo amagwira mtima.

Koma telala amene wakhala zaka zitatu akungosoka mabatani, penapake zalakwika. Tsiku lina yesani chinthu chimodzi chimene mwawerenga, kenaka mubwerere kukanena mmene zayendera. Mizere iwiri ndi yokwanira. Gulu limene aliyense amangotunga osathiramo limauma.

Ndinafunsapo koma palibe anandiyankha. Ndifunse bwanji?

Funso ili ndimalikonda, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti magulu ndi opanda ntchito. Safunsa anadya phula, koma kafunsidwe nako kali ndi luso lake.

Wina amalemba kuti: "Moni nonse, ndithandizeni, ndikufuna kugwiritsa ntchito tekinoloje m'kalasi." Amene akuwerenga sadziwa poyambira. Phunziro lanji? Ana a msinkhu wanji? Muli ndi chiyani m'manja? Funsoli likufuna buku lathunthu, ndipo mphunzitsi wotopa amene akuliwerenga usiku amangodutsa.

Wina amalemba kuti: "Ndimaphunzitsa masamu kwa ana a zaka 13 mpaka 14. M'kalasi muli ana 60, ndili ndi laputopu imodzi ndi projekitala, intaneti mulibe. Ana akusokonezeka pa girafu ya y = mx + c, saona chimene chimachitika m akasintha. Ndayesa kujambula magirafu atatu pabolodi koma nthawi ikutha. Alipo anayesapo njira ina?" Funso lotere limayankhidwa msanga. Wina anena kuti mutsegule GeoGebra, pulogalamu ya masamu yojambulira magirafu, muike kotsetsereka kosinthira m, ana aone mzere ukupendekeka. Wina awonjezera kuti musanasunthe, muziyamba mwawafunsa anawo kuti alosere kumene mzere upite, ndipo alembe m'makope. Yankho lachiwirili ndi limene lili ndi phunziro lenileni, ndipo silingachokere kwa munthu amene sanaimepo kutsogolo kwa ana.

Mukaona kusiyana kwa mafunso awiriwa, wofunsa wachiwiriyu sanayambe ndi chipangizo. Wayamba ndi pamene ana akukakamira. Wanena zimene ali nazo, zimene alibe, ndi zimene wayesa kale. Ngati vuto ndi la makina, jambulani sikirini, mutchule mtundu wa chipangizo ndi mawu enieni amene chikulemba. Ndipo zikatheka, bwererani mukanene. Munthu amene anakuthandizani akamva kuti zinayenda, adzakuthandizaninso, ndipo anthu 90 ongowerenga aja apindula nawo.

Pagulu aliyense amayamikira pulogalamu yake. Ndingadziwe bwanji malangizo abwino?

Apa pafunika maso, chifukwa pa masamba a mchezo chinthu chimafala chifukwa chokongola, osati chifukwa choti ana aphunzira. Chithunzi cha ana akumwetulira atagwira matabuleti chimakondedwa ndi anthu mazana, koma sichikuuzani ngati anamvetsa tizigawo ta nambala.

Ine zinandichitikira. Ndinaona anthu ambiri akutamanda pulogalamu ina ya mafunso, ndipo ndinaitenga osaiyesa ndekha. Nditalowa m'kalasi ndi pamene ndinazindikira kuti imafuna mwana aliyense akhale ndi chipangizo chake cholumikizidwa pa intaneti. Theka la piriyodi linathera pa kulowetsa mayina, ndipo ana anatuluka opanda chimene aphunzira. Zinandipweteka chifukwa nthawi imeneyo inali yawo. Chiyambire pamenepo ndimafunsa woyamikirayo kuti: mwaigwiritsa ntchito kangati, ndi ana angati, ndipo chinavuta n'chiyani? Amene anaiyesadi amakhala ndi yankho pa funso lomalizali. Amene alibe, mwina sanaiyese, mwina akugulitsa. Makampani ena ali ndi aphunzitsi amene amawapatsa mabaji ndi mphatso kuti azilankhula za katundu wawo. Si onse amene amanama, koma ndi bwino kudziwa amene akulankhula.

Nthano nazo zimafala. Chitsanzo ndi chiphunzitso choti mwana aliyense ali ndi njira yake imodzi yophunzirira, wina ndi maso, wina ndi makutu, wina ndi manja, ndipo azingophunzitsidwa mwa njira yakeyo. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake anaunika kafukufuku amene analipo ndipo sanapeze umboni wokwanira woti kuchita zimenezi kumathandiza. Komabe zithunzi zake zikuzungulirabe m'magulu mpaka lero.

Mabungwe aakulu anachenjezanso. Lipoti la 2015 la OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, linapeza kuti mayiko amene anathira ndalama zambiri pa makompyuta a m'sukulu sanaone kusintha kooneka pa zotsatira za PISA, mayeso oyerekezera ophunzira a mayiko osiyanasiyana, m'kuwerenga, masamu ndi sayansi. Lipoti la UNESCO la 2023 loona za maphunziro padziko lonse linanena kuti umboni wolimba wa phindu la zipangizozi ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa omwe akuzigulitsa. Izi sizikutanthauza kuti zipangizo n'zachabe. Zikutanthauza kuti phindu lagona pa mmene mphunzitsi wazigwiritsira ntchito. Punya Mishra ndi Matthew Koehler mu 2006 anafotokoza zimenezi m'njira yotchedwa TPACK: kudziwa phunziro lako, kudziwa kaphunzitsidwe, ndi kudziwa chipangizo, zitatuzi zikumane pamalo amodzi. Malangizo amene akungokamba za chipangizo, osatchula phunziro kapena chimene ana achite, aima pa mwendo umodzi.

Intaneti yathu ndi yodukaduka ndipo zipangizo n'zochepa. Zimenezi si za sukulu zolemera?

Kunena zoona, mphunzitsi wa zipangizo zochepa ndi amene gulu limamupindulira kwambiri, chifukwa alibe katswiri wa makompyuta pasukulu woti amuitane. Chofunika n'kusiyanitsa zinthu ziwiri: intaneti ya mphunzitsi pokonzekera, ndi intaneti ya m'kalasi. Yoyambayo imafuna foni imodzi ndi kanthawi kochepa. Yachiwiriyo nthawi zambiri siifunika n'komwe.

Zoyeserera za sayansi za PhET, zimene Carl Wieman anayambitsa mu 2002 ku University of Colorado Boulder, mukhoza kuzisunga pa kompyuta n'kumazitsegula popanda intaneti. GeoGebra ndi Scratch (yophunzitsira ana kupanga mapulogalamu a pa kompyuta) zilinso ndi mapulogalamu ogwira popanda intaneti. Kiwix imasunga Wikipedia yonse pa chipangizo chimodzi. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imaikidwa pa kompyuta imodzi, matabuleti ena n'kumalumikizana nayo m'chipindamo popanda kutuluka kunja. Aphunzitsi ambiri amene amagwiritsa ntchito zimenezi anazimva kwa mnzawo.

Kuti bandulo isathe msanga, zimitsani zoti zithunzi ndi mavidiyo azidzilowera okha mu foni. Ndipo potumiza, ganizirani mnzanu amene netiweki imamuvuta: lembani pamwamba kuti fayiloyo ndi ya chiyani komanso ndi yaikulu bwanji, kuti asankhe yekha.

Funani gulu la anthu amene zinthu zawo zikufanana ndi zanu. Malangizo a mphunzitsi wa ana 18, aliyense ndi laputopu yake, akhoza kukhala abwino koma osakukwanani.

Kodi ndingatumize zithunzi za ophunzira anga kapena ntchito yawo?

Pa nkhani iyi sindinyengerera. Nkhope za ana, mayina awo, malikisi awo, matenda awo kapena mavuto a kwawo si zanu zoti mugawe. Chithunzi chikachoka mu foni yanu simungachibwezenso. WhatsApp imabisa mauthenga panjira, koma aliyense wa pagulu akhoza kujambula sikirini kapena kutumiza kwina. Gulu "lotseka" la anthu 500 si lotseka.

Ngati mukufuna kuonetsa ntchito ya mwana kuti anzanu akuthandizeni kuona pamene walakwitsa, phimbani dzina. Ngati mukuonetsa mmene kalasi yakhalira, jambulani bolodi, sikirini kapena manja okha. Pamene nkhope ikufunikadi, pezani chilolezo cholembedwa cha makolo ndi cha akuluakulu a sukulu, ndipo tsatirani malamulo a dziko lanu oteteza zinsinsi za anthu. Musamaseke yankho lolakwika la mwana pagulu, ngakhale dzina mwabisa. Ana amakula, ndipo intaneti siiwala.

Zomwezonso pa abwana anu ndi aphunzitsi anzanu. Tsiku loipa aliyense amakhala nalo, koma kudandaula motchula mayina pagulu kwawonongetsa anthu ntchito. Lembani ngati kuti kholo la mwana ndi ahedi anu awerenga.

Tetezaninso akaunti yanu. Yatsani chitsimikizo chachiwiri, nambala yachinsinsi yowonjezera imene imafunsidwa polowa mu akaunti, ndipo nambala ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa foni yanu musauze munthu, ngakhale atadzitchula kuti ndi adimini wa gulu. Akuba amalowera pomwepo n'kuyamba kupempha ndalama m'dzina lanu.

Nanga ophunzira akhale nawo pagulu lomwelo?

Ayi. Gulu la aphunzitsi ndi pamene mphunzitsi amanena momasuka kuti "izi sindikuzidziwa", ndipo mwana akalowapo ufulu umenewo umatha. Kulumikizana ndi ophunzira kudutse njira imene sukulu yavomereza, makolo akudziwa, osati mauthenga a awiriwiri. Kumbukiraninso kuti masamba ngati Facebook salola ana osakwana zaka 13, ndipo mayiko ena anakweza malire: Australia inakhazikitsa lamulo mu 2024 loika zaka 16.

Mnzanga akatumiza manotsi kapena buku, ndili ndi ufulu wolisintha ndi kuligawa?

Si nthawi zonse. Buku limene wina walijambula tsamba ndi tsamba n'kuliponya pagulu likadali la eni ake. Chimene muyenera kufunafuna ndi zinthu zimene zili ndi chilolezo cha Creative Commons, chimene mwini wake amaikapo kuti ena agwiritse ntchito ndi kugawa zinthuzo. Zilembo zake n'zosavuta: BY, tchulani mwini wake, NC, musagulitse, ND, musasinthe, SA, mukasintha mugawe ndi chilolezo chomwecho. UNESCO inavomereza mfundo zolimbikitsa zipangizo zophunzirira zotseguka chotere mu 2019, ndipo zilipo zambiri.

Koma pali ulemu umene suyembekezera lamulo. Mnzanu akagona mochedwa kukonza masilaidi, inu n'kufufuta dzina lake n'kuikapo lanu, mawa satumizanso kanthu. Magulu ambiri abwino anafa motero.

Gulu lathu linayamba bwino, koma pano ndi moni, malonda ndi mauthenga ongotumizirana. Tingalidzutse bwanji?

Gulu silidziyendetsa lokha. Limafuna anthu awiri kapena atatu amene alitenga ngati munda wawo. Cholinga chilembedwe m'chiganizo chimodzi pamwamba pa gulu, mwachitsanzo "kuthandizana kuphunzitsa sayansi ndi zipangizo zimene tili nazo". Zocheza zipatsidwe gulu lake lina. Musaziletse, chifukwa anthu amene amaseka limodzi ndi amene amamasukirana pofunsa, koma zisakwirire ntchito.

Kenaka pakhale ndondomeko ya sabata ndi sabata. Tsiku limodzi lodziwika, munthu mmodzi abweretse chinthu chimodzi chimene wayesa m'kalasi, chayenda kapena chakanika. Misonkhano ya TeachMeet, imene inayambira ku Edinburgh mu 2006, inakhazikika pa mfundo yomweyi: mphunzitsi amapatsidwa mphindi 7 kapena 2 kuti anene chimene anachitadi ndi ana, osati chimene anamva. Pagulu la pa foni, uthenga wa mawu wa mphindi 2 ndi chithunzi chimodzi zimakwana.

Adimini wabwino amayang'anira chinthu chimodzi kuposa zonse: funso la munthu watsopano lisagone osayankhidwa. Ngati iye sakudziwa, aitane amene akudziwa pomutchula dzina. Ndipo wonyoza mnzake kuti "zimenezi simukuzidziwa mpaka pano?" auzidwe pambali kuti pano sitichita choncho. Mawu amodzi otere amatseka pakamwa anthu makumi awiri amene anali pafupi kufunsa. Zinthu zabwino zimene zatumizidwa ziziikidwa mu foda imodzi, linki yake ikhale pamwamba.

Ntchito yandichulukira kale. Nthawi ndiipeza kuti?

Magulu awiri ndi okwanira. Tsekani kulira kwa mauthenga, sankhani mphindi 15 katatu pa sabata, ndipo lowani muli ndi funso m'mutu. Ngati gulu likukusiyani mukudziona wolephera chifukwa makalasi a ena akuoneka okongola, tulukanimo. Simukuona masiku amene zinawakanika.

Popeza pano kuli ChatGPT ndi zinzake, gulu la anthu ndi lachiyaninso?

Kuyambira mu November 2022 pamene ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imayankha mafunso ngati munthu, inatuluka, mafunso ena sakufunikanso kudikira munthu. Mmene mungasinthire fayilo kapena kulemba fomula mu Excel, makina amayankha pompopompo, ngakhale kuti nthawi zina amalakwitsa molimba mtima ndipo muyenera kutsimikiza. Chimene makina alibe n'choti sanaimepo m'kalasi masana kukutentha, ana akusinza, batire ya laputopu yatsala pang'ono. Mnzanu amakuuzani kuti "gawo lachitatulo lisiyeni, ana amasochera pomwepo." Komanso zipangizo zimenezi nazo ndi zatsopano m'kalasi, ndipo mafunso ake, monga mmene tingaperekere homuweki imene mwana sangangoikopera, ndi amene aphunzitsi akufunsana m'magulu masiku ano.

Ndine mphunzitsi wamkulu. Ndingathandize bwanji popanda kusokoneza?

Choyamba, musakakamize. Gulu limene anthu alowetsedwa mokakamiza, ndi kaundula wa amene walemba ndi amene sanalembe, limasanduka bolodi la zidziwitso, ndipo aliyense amangoyankha kuti "zamveka, bwana". Ngati muli pagulupo, dziwani kuti kupezeka kwanu kumasintha malankhulidwe. Njira imodzi yochepetsera zimenezi ndi yoti inu muyambe kufunsa chinthu chimene simukuchidziwa. Njira ina ndi kuwasiya aphunzitsi akhale ndi gulu lawolawo.

Chachiwiri, tsegulani njira yoti zimene zapezeka pa intaneti zifike m'kalasi. Mphunzitsi akhoza kupeza nzeru yabwino usiku, koma ngati kiyi wa chipinda cha makompyuta sapezeka, kapena pamafunika kalata kuti abwereke projekitala, nzeruyo imafera mu foni. Ikani ndandanda yobwerekera zipangizo pamalo oonekera. Lolani aphunzitsi agwiritse ntchito intaneti ya sukulu pokonzekera maphunziro. Mphunzitsi akayesa chatsopano n'kulephera pamene inu mukuyendera kalasi, mufunseni chimene waphunzirapo musanalembe kanthu mu fayilo yake.

Ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi wotsatira, patulani mphindi 10 zoyambirira, osati zomalizira anthu atatopa. Mphunzitsi mmodzi aonetse chinthu chimodzi chimene anachipeza pagulu n'kuchiyesa ndi ana ake. Wina amene wachita nacho chidwi apatsidwe piriyodi imodzi yoti akakhale kumbuyo kwa kalasi ya mnzakeyo n'kuona mmene zimayendera, inu mutapeza womugwirira kalasi yake pa nthawiyo.